Nyika ya ku Ndindi

Pepala limene Vanessa anabwera nalo kuchokera kusukulu linawapsetsa mtima amayi ake, a Sellina January, asanafike n'komwe pa mzere womaliza. Aphunzitsi atatu, a jogalafe, a sayansi ndi a mbiri yakale, anagwirizana zopereka ntchito imodzi: mwana aliyense abweretse chakudya cha mtundu wake, afotokoze kumene chimachokera ndi zimene chimapereka m'thupi. Mpaka apo panalibe mlandu. Koma a Kenny, aphunzitsi a mbiri, anaona kuti kufunsa ana n'kutaya nthawi, ndiye anangogawa zakudyazo poyang'ana maina m'kaundula. Ataona January anati uyu ndi Msena basi, nalemba kuti Asena amakonda nyika.

A Sellina anakulira ku Nsanje, ndipo nyika sanaiwerenge m'buku. Ndi mizu ya kakombo, yowawa, imene anthu amakaikumba m'dambo la Ndindi chaka chimene mapira akanika. Ndani angalowe m'madzi a ng'ona chifukwa chokonda? Munthu wakhuta ndiye amalemba zotere.

Vanessa anawachonderera kuti asapite kusukulu kukalalata, poti malikisi a maphunziro atatu anali pa mbale imodziyo. Iye nyikayo anali asanaionepo. Anabadwira ku Nancholi, nakulira tchipisi cha pachiwaya, moti anafunsa mosalakwa ngati ndi yokoma. Funsoli linawalasa amayi ake kuposa pepala lija. Zaka zonsezi anamubisira mwanayo nkhani ya njala ya pa ubwana wawo kuti akule wopanda mantha, ndiye lero mlendo amuphunzitse kuti chinali chakudya chapamtima?

Anaimbira foni m'bale wawo kuti awagulire pamsika wa ku Nsanje. Patapita masiku anayi, kondakitala wa minibasi anawapatsira kajumbo pa depoti ya Limbe. Anaiphika okha monga ankaiphikira kale, opanda mchere, opanda kanthu kena kalikonse koiphimba kuwawa.

Tsiku la chionetsero, pasukulu paja ku Soche, makolo anadzaza holo. A Kenny ankayenda tebulo ndi tebulo, supuni m'manja, kulawa kalongonda apa, kondowole apo, n'kumafotokozera anthu za makolo awo omwe ngati anali nawo limodzi. Atafika pa Vanessa anatola chidutswa, naluma. Nkhope inakwinyika, maso akufunafuna polavulira.

"Mezani, aphunzitsi," anatero a Sellina, osakweza mawu. "Si mwalemba nokha kuti timaikonda? Achimwene anga a Yona anagwidwa ndi ng'ona akukumba zimenezi kuti ife tisagone ndi njala. Anali a msinkhu wa ana mukuwaphunzitsawa."

A Kenny anameza, ndipo malikisi analemba osayang'ana munthu. A Sellina anamva kukoma mumtima, koma kwa kanthawi kochepa chabe. Vanessa anali atatola chidutswa chake, natafuna pang'onopang'ono mpaka kumaliza, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, ndinali ndi amalume?" anafunsa.

Mkwiyo wonse umene a Sellina anausenza kuchokera ku Nancholi unasowa pofikira. Wobisa dzina la Yona kwa zaka khumi ndi zinayi za moyo wa mwanayo sanali a Kenny.