Kabotolo ka Alamu

Bambo ake a telala anali ndi diso limodzi lokha loona, ndipo ndi lomwelo ankakonzera mawotchi pakhonde la shopu ya mwana wawo wamkaziyo. Tsiku lomwe disolo linafiira n'kuyamba kuwawa, telalayo anaganiza zopita nawo kuchipatala. Koma alamu ake, aja odziwa matenda a aliyense kupatula awo, anasolola kabotolo m'chikwama.

"Mukavutikirenji pamzere, alamu? Aka kanachiritsa achimwene anu atalasidwa ndi waya. Diso ndi diso basi."

Telala anali ndi madiresi asanu aukwati akumudikira. Anapendeketsa mutu wa bambo ake n'kudonthezamo yekha. Madzulo mkuluyo anadandaula kuti kukhosi kwauma, mutu ukung'amba, ndipo babu akuliona ndi utawaleza. Kenako anasanza. Alamu anati ndiye kuti mankhwala akugwira. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, bamboyo anafunsa amene watseka chitseko, poti ankangoona mdima.

Kuchipatala, namwino wa maso atawerenga pakabotolopo anapumira m'mwamba. Anati mankhwalawo ndi atropini, ndipo ntchito yake ndi kutseka malo olandirira uthenga wina wa mitsempha, womwe umachepetsa kamwana ka diso, kutulutsa malovu ndi kubweza liwiro la mtima. Ofufuza amawagwiritsa ntchito dala kuti aone zomwe thupi limachita uthengawo ukatsekedwa, koma iwo amayeza dontho lililonse. Diso la achimwene lolasidwa lija mankhwalawa anangolipumitsa. Koma kwa bambowa njira yotulukira madzi a m'diso inali yopanikizika kale, ndiye kamwanako katakula inatsekekeratu, madziwo n'kufinya mtsempha woonera.

"Ndiye adzaonanso?" telala anafunsa.

"Ululu tiuthetsa, mayi. Koma mtsempha ukafa sudzuka. Mukanabwera tsiku loyamba lija."

Alamu atamva anangoti iwo anapereka chabe, wodontheza anali wina. Mawuwo anamupweteka telala mpaka m'mafupa, chifukwa anali oona.

Masiku ano mkuluyo amakhalabe pakhonde pompaja. Amaika wotchi kukhutu, n'kumuuza mwiniwake chomwe chavuta, kenako n'kumulozera kwa wokonza wina. Sanamudzudzulepo mwana wake. Akamva makina osokera asiya kulira amadziwa kuti amene wayambanso kulira ndi mwiniwake, ndiye amati, "Soka, mwanangu. Unkandithandiza."

Telala akanakonda bambo akewo akanangomutukwana.

Phunziro: Mankhwala olembera munthu wina si anu, ngakhale matenda aoneke ofanana. Diso likafiira n'kumawawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.