Mizere ya Halvard

Halvard sankadziwa ngakhale pamene pali batani loyatsira makina osindikizira mapepala. Zaka khumi ndi ziwiri akujambula mapulani a milatho pakampani ina ku Ålesund, anali asanafunsepo za makompyuta. Ndiye Lolemba lija, ataima pa tebulo la Torunn atagwira kapu ya khofi ndi manja awiri n'kunena kuti seva, kompyuta yaikulu ya kampaniyo, ikulongolola kwambiri, Torunn anasiya kutayipa.

"Mauthenga a VPN aja," anatero Halvard. "Sungawachepetseko? Atidzazira maimelo tonsefe."

Sankanama. VPN, njira yotetezeka imene antchito amalowera pa seva akakhala kunja kwa ofesi, inkalemba mzere m'kaundula munthu akalumikiza, akaduka, akalumikizanso. Masabata atatu tsopano kaundulayo ankangotupa mpaka disiki kudzaza, ndipo ikadzaza, makina ankatumizira aliyense imelo yodandaula, pansi pake pali mizere makumi awiri yomaliza. Torunn, yemwe ankasamala makompyuta onse apakampanipo yekha, ankadziwa mankhwala ake. Kunali kungosintha nambala imodzi yolamula kuchuluka kwa zolembedwa m'kaundula, kuchoka pa folo kufika pa wani.

"Iweyo wayamba liti kuwerenga maimelo a seva?" anafunsa Torunn.

"Ndi ukalamba, mnzanga. Masiku ano ndikuwerenga ngakhale zolembedwa pa paketi ya mkaka."

Anaseka yekha, khofi n'kumutayikira pa chala. Torunn sanaseke nawo. Munthu akayamba mwadzidzidzi kusamala zinthu zimene sizimukhudza, ndiye kuti zikumukhudza.

Nambala ija sanaisinthe. M'malo mwake anatsegula kaundula. Lamulo la pakampanipo linali lodziwika: mizere ya munthu mmodzi siiwerengedwa popanda woimira antchito kukhala pambali. Torunn anadziuza kuti sakuwerenga, akungoona kumene phokoso likuchokera.

Pa mizere khumi iliyonse, isanu ndi inayi inali ya Halvard. Lachitatu ndi Lachisanu lililonse, kuyambira naini mpaka thu koloko, masiku amene ankati akugwirira ntchito kunyumba. Koma nambala ya netiweki sinali ya kunyumba kwake. Torunn ankaidziwa ya kunyumbako, anakalumikiza yekha chaka chatha, n'kupatsidwa msuzi wa nsomba ndi mkazi wa Halvard. Iyi inali yachilendo, ndipo inkaduka mphindi iliyonse ngati ya munthu wobwereka netiweki ya eni ake.

Mtima wake unathamangira ku mlatho wa pachilumba. Mwezi wathawu ntchito imeneyo inapita ku kampani ya ku Bergen, ndipo mapulani awo ankafanana ndi a kuno mochititsa manyazi. Anthu ankang'ung'udza chamumtima kuti wina anagulitsa mapulaniwo, osatchula dzina la munthu. Tsopano Torunn anali ndi dzina.

Hafu leveni onse anakhala pa tebulo lalitali kumasula mapepala a buledi wawo. Halvard anayang'ana buledi wake wa tchizi chofiirira, n'kumukulunganso osaluma. Kumutu anali atavala chipewa chaubweya.

"Chipewa m'nyumba, mu Meyi?" wina anamuseka. "Ukubisa dazi?"

"Ndikubisa nzeru, mungandibere," anayankha Halvard. Kenako anatembenukira kwa Torunn, mawu atatsika. "Wakonza zija?"

"Mawa," anatero Torunn. Kufunsa kachiwiriko ndiko kunamuchotsera chikayiko chonse.

Lachitatu m'mawa, mpando wa Halvard uli wopanda munthu, Torunn anakopera mizere makumi anayi n'kutumizira Gunvor, mkulu wa kampaniyo. Analemba mwachidule: "Sindikunena kanthu, koma taona kumene munthuyu amalowera." Atadina batani anamva kupepukidwa, komanso kunyada pang'ono, chifukwa palibe wina aliyense akanaziona.

Ndi pamene anakumbuka kufufuza mwini wa nambala yachilendo ija. Ntchito ya masekondi khumi, imene anayenera kuyambira. Yankho linabwera mzere umodzi: netiweki ya alendo ya chipatala chachikulu cha mumzindamo.

Pa sikirini mizere inali ikutsikabe. Halvard walumikiza. Halvard waduka. Halvard walumikiza.

Torunn anathamanga m'kakhonde, koma anapeza Gunvor ali kale pa foni, imelo ija ili yotsegula patsogolo pake.

"Halvard, ndikufunsa funso losavuta. Uli kuti panopa?"

Torunn anagwedeza manja kuti adule. Gunvor anamuyang'ana, osamvetsa, n'kupitiriza kumvetsera. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anati, "Pepa. Sindimadziwa," n'kuika foni pansi pang'onopang'ono.

"Ali pa diripi," anatero Gunvor. "Mankhwala a khansa, ulendo wachisanu ndi chimodzi. Amagwira ntchito laputopu ili pamiyendo. Mwana wake akulemba mayeso omaliza, ndiye iye ndi mkazi wake anagwirizana kuti asauze munthu mpaka Juni." Anatseka imelo ija. "Wandifunsa kuti ndadziwa bwanji kuti sali kunyumba. Sindinamunamize."

Torunn anabwerera pa tebulo lake. Anatsegula fayilo, n'kufufuta folo, n'kulemba wani. Kaundula anakhala chete nthawi yomweyo. Manyazi anamugwira mpaka analephera kudya tsiku limenelo.

Lachinayi Halvard anabwera ndi chipewa chake, kapu m'manja awiri. Anaima pamalo omwe aja.

"Maimelo asiya," anatero. "Zikomo."

"Halvard, ine ndimaganiza kuti..."

"Ndikudziwa zimene umaganiza. Mlatho wa pachilumba." Sanakweze mawu. "Nambala ya netiweki ya chipatala ija inkapita m'maimelo kwa anthu makumi atatu tsiku lililonse, Torunn. Ndinkaopa kuti wina aifufuza. Ndinabwera kwa iwe chifukwa ndimati ndiwe wekha amene sungandifunse chifukwa."

Anapita kukakhala pa tebulo lake, n'kuyatsa kompyuta.