Madigiri 41

Ndinabwerera kuntchito Lolemba, patangotha masiku anayi chiikireni amayi m'manda. Patebulo panga ndinapeza kapu yomwe ndinaisiya, tiyi ataumiramo.

Mnzanga wokhala pawindo, yemwe timamutcha Wamagalasi, anabwera ndi laputopu yake.

"Pepani ndi zovuta, achemwali. Muli bwanji?"

"Ndili bwino."

"Vuto lija ndakonza. Mungandionereko ndisanatumize?"

Ntchito yanga ndi imeneyo, kuyesa zomwe anzanga akonza. Vuto lake linali lakuti pulogalamu yathu ikalephera kupeza kachipangizo koyeza kutentha kwa pulosesa, ubongo wa kompyuta, sinkanena. Inkangoonetsa nambala yomwe inawerenga komaliza. Makina ankatentha mpaka kuzima okha, sikirini ikunenabe kuti madigiri 41.

Ndinawerenga mizere khumi ndi iwiri yomwe analemba mu pulogalamuyo. Ndinayatsa makina oyesera n'kuwapatsa ntchito yolemetsa. Nambala inakwera kufika 58, kenako 70, kenako 83. Ndinakhudza chitsulo chake ndi kuseri kwa dzanja, momwe ndinkachitira pamphumi pa amayi kuchipatala. Chinali chotenthadi.

Ndiye ndinathimitsa kachipangizo kaja dala. Nambala inachoka, pamalo pake panabwera mawu akuti, "Palibe chimene ndikuwerenga." Ndinawayang'ana nthawi yaitali, fani ikungolira.

"Zili bwanji?" Wamagalasi anafunsa.

"Zatheka. Pulogalamuyi sikunamanso. Tumizani."

Masana abwana akudutsa anaima patebulo panga, nandigwira paphewa.

"Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino," ndinatero, monga ndinayankhira aliyense dzulo ndi dzana.