Kabelu ka Taipilaita

Zaka makumi atatu a Sekilitale anatayipa makalata a mabwana mu ofesi imodzimodzi, ndipo zaka zonsezo a Mesenjala ankaima pakhomo kudikira makalatawo. Banja lawo linayambira pa kudikirako, moti mpaka lero amaitanana mayina a kuntchito. Ana anayesa kuwaletsa, anatopa okha.

Sitiroko itawagwira mayiwo, dzanja lamanzere linangokhala pamwendo ngati mlendo. Zala zinkagwedera pang'ono, koma mkono sunkadzuka, ndipo mwini wake anasiya kuuyang'ana. Izi zinkawawawa kwambiri a Mesenjala. Atamva kuti kuchipatala kuli kafukufuku wa anthu otere, anawanyengerera mayiwo sabata yathunthu mpaka anavomera.

Kumeneko kunalibe zong'amba mutu. Dokotala wa kafukufukuyo, mtsikana wa magalasi, ankangomata timawaya pamutu. Anafotokoza kuti timagetsi tofooka timalowera mbali ziwiri n'kukakumana mkatikati mwa ubongo, pamene munthu amaphunzirira kuyendetsa manja, koma sanalonjeze kanthu. A Sekilitale anati zimangonyerenyetsa ngati nyerere m'tsitsi. Ntchito yawo inali kudina mabatani anayi ndi zala zamanzere, motsatira manambala a pa kompyuta. Lamulo linali limodzi, dzanja lisachoke pamabatanipo.

Kwa munthu amene ankatayipa uku akukalipira mesenjala, ntchitoyi inali yochititsa manyazi. Masiku oyamba zala zinkakwawa. Zitayamba kufulumirako, vuto linabuka: akamaliza mzere wa manambala, dzanja linkanyamuka lokha n'kukankha mphepo cha kumanja. Dokotala ankawapempha kuti asiye, iwo n'kumakana kwamtuwagalu kuti sanachite kanthu.

Lachisanu dokotala anaitanira a Mesenjala pa windo loonera m'chipinda cha kafukufukuyo. Anawauza modandaula kuti kunyamuka kwa dzanjako kukusokoneza zotsatira, mwina ndi kunjenjemera kwa matendawo, choncho mayiwo awachotsa m'kafukufuku. Bambowo anatha mphamvu. Kenako anaona okha dzanjalo likunyamuka, ndipo ofesi yonse yakale inawabwerera: fungo la riboni ya inki ya taipilaita ndi polishi wapansi, fani yolira kudenga, sekilitale wachitsikana wokhala chowongoka amene sankawayang'ana n'komwe. Anaipukwa ofesi ija.

"Adokotala, amenewo si matenda ayi. Akubweza pepala."

Dokotalayo anali asanagwirepo taipilaita. A Mesenjala anamufotokozera kuti mzere ukatha kabelu kamalira, dzanja lamanzere n'kukankha chogwirira kuti pepala libwerere poyambira. Iye anavula magalasi, nati sangadziwe ngati chadzutsa mkonowo ndi magetsi aja, kubwerezabwereza kuja, kapena chizolowezi chabe. Analemba zonse, koma lamulo silinasinthe.

M'basi a Sekilitale anangoyankhula kamodzi. "Ndalephera mayeso, a Mesenjala. Mabatani anayi okha."

Atafika kunyumba, bambowo anakwera pampando, mawondo akulira, n'kutsitsa taipilaita imene akuofesi anawapatsa mayiwo makompyuta atabwera. Inali pamwamba pa wadiropu, yokulungidwa m'nsalu yakale. Anaiika pathebulo n'kulowetsa pepala, mopendama ngati mwa masiku onse. Mayiwo anati wotayipa ndi dzanja limodzi si sekilitale, koma pepala lopendamalo linawakwiyitsa, analiwongola. Kenako dzanja lamanja linayamba lokha. Riboni inali itauma kalekale, papepala sipankaoneka chilembo.

Kabelu kanalira. Dzanja lamanzere linanyamuka pamwendo, linapeza chogwirira chija, n'kuchikankha mpaka kumapeto.

A Sekilitale analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, koyamba chidwalireni. Analitembenuza, n'kuliikanso pamabatani a zilembo.

"Mwandiimiriranji pamutu, a Mesenjala? Kalata sinathe."

A Mesenjala anapita kukaima pakhomo, manja kumbuyo, misozi ikutsika osaipukuta, n'kuyamba kudikira.