Buledi wa Ulusi Wobiriwira

A Mbuu anali munthu wa uvuni, osati wa pakamwa. Dzinalo anawapatsa ndi antchito awo a pa bekale, poti tsiku lililonse ankatuluka m'chipinda chokandira ufa atatuwa mbuu, kuyambira nsidze mpaka nsapato. Muwapatse ufa wa tirigu, isiti ndi mchere, akuphikirani buledi woti mudye osafunsa majarini. Koma muwapatse munthu woti alankhule naye, eee, mumva chisoni. Ankangokanda m'mutu maso ali kukhomo.

Zolankhula zinali za achemwali awo, omwe anayamba nawo limodzi bekaleyo. Amenewo anthu ankawatchula a Wailesi, ndipo dzinalo silinawalakwire. Uvuni ukawonongeka, iwo ankauza eni magolosale kuti buledi achedwa, eniakewo asanafunse n'komwe. Ufa ukasintha, ankauzanso. Thumba lililonse la buledi ankalimanga ndi ulusi wa mtundu wa tsiku limenelo, Lolemba wofiira, Lachiwiri wobiriwira, choncho mpaka Loweruka, ndipo ankayenda golosale ndi golosale kuphunzitsa anthu mitunduyo mpaka ana omwe anailoweza.

Chomwe chinkawapweteka mutu kwambiri a Mbuu chinali Loweruka lomaliza la mwezi. Tsikulo a Wailesi ankayala mabenchi pabwalo la bekale, n'kuitana eni magolosale, amayi ophikira ana m'masukulu, bambo wa zaumoyo ndi mtolankhani wina wa pa wailesi yeniyeni. Ankawalowetsa m'kati kuti aone pomwe buledi amaphikidwa, kenako n'kuwauza kuti, "Dandaulani." Ndiye munthu umuuze kuti dandaula, angakane? Patsogolo penipeni pankakhala Mayi Sikelo, mwini golosale ya pamphambano, yemwe ankabwera ndi sikelo yake m'chikwama kudzayezera buledi anthu akuona. Lero wapepuka. Mwezi wamawa wapserera pansi. Mwezi winawo thumba n'lopyapyala. Mayi ameneyo a Mbuu sankafuna n'kumuona komwe.

Alendo akapita, a Wailesi ankasonkhanitsa antchito. "Tiyerekeze kuti lero zavuta. Dalaivala, uyamba msewu uti? Iwe wa pafoni, uimbira yani choyamba? Achimwene, inu munena kuti chiyani?"

"Ine ndinena kuti masanje amenewa atha liti, ufa ukundidikira," ankayankha a Mbuu. "Achemwali, ife timagulitsa buledi, si nkhani."

"Nenani zitatu zija basi, mupite."

Ndiye a Mbuu ankazinena mong'ung'udza ngati mwana wokakamizidwa kupepesa: nena chomwe chachitika, nena choti anthu achite, nena nthawi yomwe udzalankhulenso. Zaka zinapita akuchita zimenezi, vuto osaoneka, ndipo a Mbuu ankati m'mtima mwawo mlongo wawoyo amangokonda kumva mawu ake.

Tsoka linasankha sabata yomwe a Wailesi anagonekedwa m'chipatala kuti awachite opaleshoni ya maso. Foni adokotala anawaletsa. Linali Lachiwiri, galimoto itagawa kale buledi n'kubwerera, dzuwa litakwera. A Mbuu akupukuta makina okandira ufa anamva kanthu kakulira khirichi pansi pa nsapato. Atayang'ana pansi, kagalasi. Atayang'ana m'mwamba, babu la pamwamba pa makinawo linali litasweka, kwangotsala chitsulo ndi mano agalasi. Anatola tizidutswa tonse tomwe tinali pansi n'kutiika padzanja. Sitinkakwana babu lathunthu.

Bekale imeneyi ndi yomwe inaphunzitsa ana awo ndi ana a achemwali awo, ndi yomwe inkadyetsa mabanja a antchito onsewo. Mawu akuti "galasi mu buledi" akangotuluka pakhomo, ndani adzagulenso? Kamtima kena kanayamba kuwanong'oneza, ndipo tisanamizane, kamtima kameneko tonse tili nako. Kanati mwina zidutswazo zinagwera kumbali. Kanati sesa, sintha babu, khala chete, palibe waona.

Atatembenuka anapeza kuti aonedwa kale. Wokanda ufa anali ataima pakhomo maso ali pa babu. Kumbuyo kwake dalaivala anali atagwira kale makiyi. Mayi wa pafoni anali atanyamula foni, chala chili pabatani. Palibe anafunsa kuti titani. Aliyense anali ataima pamalo ake a masanje aja, kudikira munthu mmodzi yekha yemwe mbali yake inali yolankhula.

"Yamba ndi masukulu," anatero a Mbuu kwa dalaivala. "Bweretsa foniyo kuno."

Woyamba kumuimbira, malinga ndi dongosolo la a Wailesi, anali Mayi Sikelo, poti golosale yake ndi yomwe inkatenga buledi wambiri. A Mbuu anaimba.

"Mayi, ndine wa ku bekale. Babu lasweka pamwamba pa makina, mwina galasi lalowa mu ufa. Buledi wa ulusi wobiriwira asadyedwe, galimoto ikubwera kudzatenga. Ndikuimbiraninso masana."

Anadikira mkuntho. Koma mayiyo anangoti, "Wobiriwira yekha? Wofiira wadzulo alibe vuto?"

"Alibe."

"Omwe agula ndikuwadziwa. Dulani foni, mukundichedwetsa."

Nkhani inayenda msanga kuposa galimoto, ndipo inayenda yosapotoka chifukwa inali yaifupi ndiponso anthu ankaidziwa kale. Panalibe wofunika kumufotokozera kuti ulusi n'chiyani. Amayi a kusukulu anabweza mathumba m'makireti mpeni usanakhudze. M'makomo anthu ankangotembenuza thumba n'kuyang'ana pakhosi pake.

Koma pakamwa pa anthu simungapamange ndi ulusi. Pofika masana mauthenga anali atadzaza m'mafoni, akuti ana agonekedwa, akuti wina wamwalira, akuti bekale ija imaika magalasi dala. Bodza la mtundu umenewo limamera miyendo, abale. Mtolankhani uja analandira mauthengawo, koma poti anali atakhalapo pa mabenchi aja n'kudya buledi wotentha, anayamba waimba foni ku bekale. A Mbuu, munthu yemwe ankachita chibwibwi popereka moni, analankhula pa wailesi. Ananena zitatu zija, osawonjezera, osachotsera.

Madzulo, bambo wa zaumoyo ali pomwepo, anaduladula buledi yense wobwezedwa. M'buledi wambiri munalibe kanthu. Kenako mpeni unalira pa kanthu kolimba, m'buledi wochokera mu kireti ya sukulu ya mkaka. Kagalasi kake kanali ngati chikhadabo cha khanda. A Mbuu anakhala pansi pa thumba la ufa, manja ali kumaso. Palibe mwana aliyense anavulala.

Bekale inatsekedwa mpaka mababu onse atavekedwa zotchingira ndipo makina atatsukidwa. Tsiku lotsegulanso a Mbuu anakwera nawo galimoto, mtima uli m'mwamba. Golosale yoyamba anati, "Tione kaye." Yachiwiri anati mwini wake watuluka, chonsecho nsapato zake zikuoneka kuseri kwa katani. Makireti anali odzaza chidzazire pomwe ankafika pamphambano.

Kwa Mayi Sikelo kunali anthu, ogula ndi ongoonerera omwe. A Mbuu anatsitsa kireti imodzi yokha n'kuima nayo pakhomo ngati mkamwini woyamba kufika kwa apongozi. Mayiyo anawasiya ataima pomwepo mpaka atamaliza kupimira munthu shuga. Kenako anatenga buledi mmodzi, kumuika pa sikelo, kuyang'ana, kumasula ulusi, kunyema ndi manja, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono anthu onse akumuyang'ana kukamwa.

"Anthu awa," anatero akuloza a Mbuu ndi chibwano, "ndawatukwana zaka zonsezi pabwalo pawo pomwe, ndipo sananditsekerepo chitseko. Ufa ukasintha amandiuza. Galasi litagwa anandiuza okha, ine ndisanamve kwa wina. Tsiku lomwe adzakhale chete ndi lomwe ndidzaope." Anameza. "Koma mchere wachepa."

Anthu anaseka. Bambo wina anati mundipatse awiri. A Mbuu misozi inawatsika n'kulemba mizere iwiri pa ufa wa kumasaya. Sanaganizepo pa moyo wawo kuti dandaulo lingakome chonchi.

"Mukulira chiyani, bambo?" anatero Mayi Sikelo. "Tsitsani makireti, mwanditsekera khomo."

Loweruka lomaliza la mweziwo a Wailesi anafika pa bekale atavala magalasi akuda, mdzukulu atawagwira dzanja. Anapeza mabenchi atayalidwa kale, ndipo mlongo wawo atawerama akupukuta la patsogolo ndi epuloni yake.

"Achimwene, masanje ayamba kukukomerani?"

A Mbuu anawongoka n'kugwira dzanja la achemwali awo ndi manja awiri, monga ankachitira ali mwana akapatsidwa kanthu.

"Zikomo, achemwali. Mukanapanda inu, ndikanasesa galasi lija n'kukhala chete."