Maso Anga pa Mzere wa ku Sikelo

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma munthu akamabwera ku sikelo ndi dengu la tiyi kumsana, ndimadziwa chimene chikumudya. Wodwala msana amaponda mwamantha. Wanjala amaima kawiri pachitunda chimene dzulo anakwera akuimba. Woyembekezera amayamba kusuntha lamba wa dengu asanauze ngakhale mwamuna wake. Zaka khumi ndi zisanu ndathyola tiyi pa esiteti ino, ndipo sindinkayesa kuti limeneli ndi luso. Apongozi anga ankangoti ndili ndi maso aatali, ndipo sikunali kundiyamikira.

Amene anazitcha luso ndi a Debora, namwino wochokera ku Kasungu amene anabwera kudzagwira ntchito pa kiliniki ya esiteti. Anayambitsa kagulu kokumana Lachitatu tikaweruka, kuseri kwa kiliniki. Tsiku loyamba anati, "Za mavuto tikamba bwino. Lero aliyense anene chimene amatha." Ena anati kuimba, a Benard a ku fakitale anati kukonza njinga. Itafika nthawi yanga ndinati palibe.

Triza, mnzanga wa mzere umodzi kuyambira tili atsikana, anandigunda ndi chigongono. "Akunama Esnat ameneyu, asisita. Amaona matenda munthu ali uko."

A Debora anaseka, n'kuloza mlonda amene ankadutsa pamsewu, a Amosi. Ndinawayang'ana pang'ono n'kunena kuti phazi lakumanzere lili ndi bala, ndipo lakhalitsa. Atawaitana n'kuvula jombo, bala linalipodi. Mawa lake anawapeza ndi shuga.

Tinapangana kuti Lachisanu lililonse ndizidzera ku kiliniki n'kutchula amene ndawaona kuti sali bwino, iwo aziwaitana mwakachetechete. Ndinafunsa kawiri konse ngati mayinawo safika ku ofesi. "Mayi, zam'chipinda muno zimathera muno," anatero akulemba m'kope lawo.

Ndisaname, zinayenda. A Benard anayamba kumwa mapilisi a kuthamanga kwa magazi ndipo chizungulire chinatha. Lestina, amene ankabisa mimba, anayamba sikelo ya amayi nthawi yabwino. Inenso ndinasintha. Ine amene ndinkachita chibwibwi kapitawo akandifunsa dzina, ndinayamba kuimirira pagulu n'kumalankhula mpaka anthu kuwomba m'manja. A Debora anandiphunzitsa kufunsa munthu osamuchititsa manyazi, komanso kukhala chete iye akamayankha. Ndinkawakonda mayi amenewo, ndipo wina akawanena ndinkayambana naye.

M'mwezi wa Epulo ndinaona kuti Triza akukoka mwendo wakumanja. Bondo linali litatupa, akulimanga ndi kansalu mkati mwa chitenje.

"Ine usakanditchule," anatero tikuthyola, maso ali pamasamba. "Ndine wa sizoni, ukudziwa. Ana atatu aja akudya dengu lomweli."

Ndinapirira milungu iwiri. Wachitatu ndinamuona akutsika chitunda cham'mbali, akuluma mlomo, ndipo Lachisanu ndinamutchula. Anandikwiyira masiku anayi. Koma jakisoni atagwira, kutupa kutaphwa, anandibweretsera phava la nthochi za kwawo ku Masambanjati, n'kunena kuti ndine mfiti yabwino.

Mvula itatha, antchito a sizoni anapita kwawo monga mwa chaka chilichonse. Mu Disembala, tiyi ataphukira, anthu anadzaza pabwalo la ofesi kudikira kuti kalaliki aitane mayina a olembedwanso. Ine ndine wokhazikika, ndinangopita kukaperekeza Triza. Kalaliki anawerenga mapepala atatu, n'kuwapinda. Triza sanamutchule. Lestina ayi. Ndinayang'ana amene anatsala ataima padzuwa ndi makadi awo m'manja. Onse ndinkawadziwa bwino. Aliyense wa iwo ndinali nditamutchulapo Lachisanu lina m'chipinda chija.

Ku kiliniki ndinalowa osagogoda. A Debora anali akutsuka m'manja.

"Kope lija munapatsa ndani?"

Anapukuta m'manja nthawi yaitali. "Ofesi inapempha lipoti la amene ali fiti ndi amene sali fiti. Inenso ndine wantchito ngati inu, mayi Esnat. Ndikanakana bwanji?"

"Mukanandiuza, ine n'kutseka pakamwa panga."

"Mukanatseka, a Amosi bwenzi atadulidwa mwendo. Luso lanu lathandiza anthu, musaiwale zimenezo." Anandigwira paphewa. "Chaka chino tichita mosamala. Lachisanu mubwere, eti?"

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chakuti ankalankhula ndi mawu omwe aja ofatsa amene anandiphunzitsa ine. Ndinachotsa dzanja lawo n'kutuluka. Ndinalira njira yonse ya m'munda, kulira kwaukali, ndipo sindinasamale kuti akundiona ndani.

Nkhani pa esiteti sichedwa. Pofika Lolemba, ku sikelo anthu ankandisiyira malo kutsogolo kwa mzere kuti ndisaime kumbuyo kwawo.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinakwera kabaza kupita kwa Triza. Mawu ndinali nditakonza: kuti ndinanamizidwa, kuti tipite limodzi kwa a yuniyoni, kuti andikhululukire. Ndisanafike pakhomo ndinamuona akuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Bondo linali litayambiranso, kuposa kale. Ankaponda kamodzi n'kupuma, dzanja lili pantchafu.

Kenako anandiona. Anachotsa dzanja lija, n'kuwongoka, n'kuyamba kuyenda bwinobwino ngati mtsikana, madzi osatayika ngakhale dontho. Pofika pamene ndinaima, thukuta linali litadzaza kumaso kwake.

"Triza, bondolo tikapite nalo ku chipatala cha ku boma mawa. Ndikuperekeza."

"Bondo liti?" anatero akumwetulira monga amachitira ndi kapitawo. "Ine ndili bwino. Ukawauze choncho."

Anandidutsa n'kukwera masitepe awiri a pakhonde osagwira khoma, n'kutseka chitseko. Ndili panja ndinamva ndowa ikugwa pansi, madzi n'kutulukira kunsi kwa chitseko. Ndinagogoda katatu, koma sanatsegule.