Chithunzi cha Monalisa pa Bokosi la Ana Amasiye

Rosie anali atangotula dengu la zinanazi m'mbali mwa msewu pa Chitakale pamene wina anamukoka chitenje. Kucheuka, ndi Monalisa, mwana wake wa zaka zisanu ndi zitatu, yunifolomu ili m'thupi, makope ali m'jumbo.

"Iwe! Sukulu yasamukira pamsika lero?"

Aka sikanali koyamba. Sabata yonseyo ankathawa m'kalasi n'kumalondola mayi ake paliponse, ngakhale kubafa ankawadikirira pakhomo. Rosie anakalipa, ananyengerera, anathyola ndi kamtengo komwe, koma ayi ndithu.

"Lero undiuza. Aphunzitsi akukumenya?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Amayi, mumwalira liti?"

Rosie anagwada pafumbi pomwepo n'kumugwira mwanayo m'mapewa.

"Wakuuza zimenezo ndani?"

"Anzanga. Akuti m'sitolo mwa a Kingstone alembamo kuti ndine wamasiye. Akuti anthu akuluakulu sanama, ndiye kuti akudziwa kale kuti mufa."

Sitolo ya a Kingstone ndiyo inali yaikulu pamalopo, yamagalasi, yokhala ndi mlonda pakhomo. Rosie sankalowamo, mchere wake ankagula wa pabenchi. Koma ankaidziwa bwino, chifukwa mwezi ndi mwezi inkapereka ufa wa soya ndi shuga ku bungwe lina lophikira phala ana ovutika a m'tauniyo. Monalisa ankamwa phala kumeneko m'mawa uliwonse kuchokera pomwe bambo ake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Yunifolomu yomwe anavalayo anapatsidwa komweko. Rosie ankathokoza, ndipo sankabisa. Popanda phala limenelo, masiku ambiri mwanayo bwenzi akupita kusukulu m'mimba muli pululu.

Anasiyira dengu mayi wogulitsa mapeyala pambali pake, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuwoloka msewu atamugwira mwana padzanja.

Sanachite kufunafuna. Pafupi ndi polipirira panali bokosi lagalasi, ndipo pamwamba pake anamatapo chithunzi chachikulu. Monalisa weniweni, kapu ya phala ili m'manja, maso ali mwaa. M'munsi mwake analemba kuti: Thandizani ana amasiye, ponyani chenji chanu muno. Bambo wina amene anali atangogula buledi anayang'ana chithunzicho, anapukusa mutu mwachisoni, n'kuponyamo kandalama.

"Zikomo bambo, mwapepesa maliro anga," anatero Rosie.

Bamboyo anatuluka mofulumira osacheuka.

"Ndikufuna eni sitolo," Rosie anauza mtsikana wa polipirira. "Kawauzeni kuti malemu abwera."

A Kingstone anatuluka mu ofesi akupukuta magalasi awo. Anali munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, wosazolowera phokoso. Pambuyo pawo panali mayi Sheila, oyang'anira bungwe lija, omwe tsikulo anabwera kudzatenga matumba a ufa.

"Amake Monalisa, kwagwanji?" anafunsa mayi Sheila.

"Ndimati ndifunse kuti ndinamwalira liti, poti ine mwini wake sindinamve. Anandiika kuti? Ku Likhubula kwathu kapena konkuno?"

"Aa, inunso! Paja tinakuuzani kuti kubwera ojambula."

"Munati ojambula. Simunati adzukulu okumba manda."

Anthu omwe ankagula zinthu anasiya kusankha sopo n'kuyamba kusendera. A Kingstone anatsitsa mawu.

"Mayi, tamverani. Ine sindidyapo kanthu pabokosi ili. Poyamba tinalemba kuti ana ovutika, anthu ankangodutsa. Wovutika pa Chitakale pano ndi aliyense, ngakhale wogulayo. Titalemba kuti amasiye, n'kuikapo nkhope ya mwana wanuyu, bokosi linayamba kudzaza. Shuga amene amathira m'phala la ana onse aja amachokera umu. Ndi mawu chabe awa, mayi."

"Mawu chabe? Mwanayu wasiya sukulu, akundilondera ngati wodwala wa kuchipatala cha Mishoni. Akudikira tsiku loti ndigwe. Inu mukuti mawu chabe?"

"Mwana timulangiza, amva."

"Muli ndi ana inu, bwana? Bwanji osamatapo wanu, n'kulemba kuti bambo ake anatisiya? Si mawu chabe?"

Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumugunyuza. Nkhope ya a Kingstone inasintha. Mayi Sheila anamukokera Rosie pambali, pafupi ndi mashelefu a mafuta ophikira, n'kuyamba kunong'ona.

"Achemwali, musaputeko zinazi. Ana amene timawadyetsa ndi ambiri, ena amagona m'makhonde mwa masitolo momwemu. Bambo awa akakhumudwa, tonse tagwa nayo. Ndiponso a komiti akamva kuti mwanyoza otithandiza pagulu, Monalisa amuchotsa. Ine sindingamuteteze. Tangopirirani mpaka Khirisimasi, tidzasintha chithunzicho."

Apa mantha anamugwira Rosie, asaname. Nyengo ya zinanazi inali kumapeto, ndipo iye ankadziwa mmene Januwale amakhalira m'nyumba mwake. Anaganiza zongotuluka, kukamuuza mwanayo kuti anzake ndi abodza, basi. Koma atayang'ana pansi anaona Monalisa ataima pafupi ndi bokosi lija, chala chili pamawuwo, akuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Mtima wa Rosie unawawa kwambiri, ndipo manthawo anasanduka ukali.

"Mayi Sheila, phala lanu ndathokoza, Mulungu akudziwa. Koma ngati mtengo wake ndi woti ine ndife kaye, ndalephera kugula."

Anatembenukira kwa anthu aja.

"Tandiyang'anani nonse! Ndine Rosie, ndimagulitsa zinanazi patsidya apo. Ena mwa inu mumandinenerera mtengo tsiku ndi tsiku. Uyu ndi mwana wanga, ndinabereka ndekha, ndikulera ndekha. Ndi wosauka, inde, koma si wamasiye. Amene akufuna kuthandiza ana anjala aponye m'bokosimo, ndi zabwino ndithu. Koma asaponye chifukwa choti ine ndafa!"

Mlonda anayandikira, koma a Kingstone anamuletsa ndi dzanja.

"Monalisa, matula chithunzicho," anatero Rosie.

Mwanayo anayang'ana a Kingstone, kenako mayi Sheila.

"Usayang'ane iwo, yang'ana ine. Nkhopeyo ndi yako. Matula."

Tizala take tinakanda pakona, selotepi inalira, chithunzi chonse n'kutsika. Bokosi linatsala lamaliseche. Palibe anaombera m'manja. Mayi wina wachikulire anangoti, "Eya," n'kupitiriza kusankha machesi.

"Mwasankha nokha, amake Monalisa," anatero mayi Sheila, mawu awo ali olefuka. "Mawa musamutumize. Ndilibe mphamvu ine."

"Ndamva."

A Kingstone ananyamula bokosi lija n'kulowa nalo mu ofesi.

Panja dzuwa linali litakwera, minibasi za ku Limbuli zikuitanira anthu. Rosie anang'amba mbali ya m'munsi ya chithunzicho, ya mawu ija, n'kuiponya m'ngalande. Mbali ya nkhope anaipinda bwinobwino n'kuiika m'jumbo la makope.

"Amayi, ndiye mawa kulibe phala?"

"Kulibe."

"Nanga ndidzadya chiyani?"

"Chimene ndidzadye ine."

Monalisa anaganiza pang'ono.

"Nanga mkuja?"

"Mkuja ndidzakhala ndilipo. Ndi mtondo womwe. Ukadzandifuna udzandipeza pa zinanazi pomwepa ndikukangana ndi makasitomala. Tsopano thamanga, belu lachiwiri lisanalire."

Mwanayo anawayang'anitsitsa mayi ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufuna kutsimikiza. Kenako anakweza jumbo lake n'kuyamba kuthamanga kulowera kusukulu. Rosie anaima pomwepo mpaka yunifolomu ija itazimiririka pakati pa njinga za kabaza, ndiye anawoloka msewu kukayamba kuitanira malonda.